Mfumu George m'dothi la Connecticut: kusaka makobidi akale a mkuwa ndi makina

M'nkhalango za kum'mawa kwa Connecticut, ku America, muli mipanda ya miyala imene siitchinga kanthu. Umayenda pakati pa mitengo ikuluikulu, masamba ouma ali tswatswatswa kumapazi, mwadzidzidzi n'kungoona mpanda wofika m'chiuno, wowongoka bwino, ukulowera m'tchire mpaka kuzimiririka. Ukautsata umakakutula pa dzenje la ngodya zinayi, lowakidwa ndi miyala m'mbali, pakati pake patamera mtengo. Kwathu tikanati pabwinja. Eni dziko amati cellar hole, chifukwa dzenjelo linali chipinda cha pansi pa nyumba, mosungira mbatata, maapozi ndi nyama yamchere m'nyengo ya chisanu. Nyumba ya matabwa inawola kapena kupsa kalekale, chatsala ndi chipinda chapansicho, chitsime, ndi mwala wapakhomo.

Amene ananditengera pamalo otere koyamba ndi mdala wina amene ndimagwira naye ntchito. Munali mu November, pamalo a munthu amene anatipatsa chilolezo. Mdalayo anandiveka chovala cha olenji kuti alenje a agwape asatiyese nyama, n'kundiuza ndipisire buluku m'masokosi chifukwa cha nkhupakupa (matenda a Lyme anatenga dzina ku tauni ya m'chigawo chomwechi). Maola awiri tinangokumba misomali, chidutswa cha mphika wachitsulo ndi batani limodzi. Kenaka anaima, n'kuyendetsa makina ake ofufuzira zitsulo pansi kawiri katatu pamalo amodzi pafupi ndi mwala wapakhomo, mutu ataupendeketsa ngati munthu womvetsera wailesi yakutali. Anagwada, n'kudula dothi, n'kutulutsa kanthu kozungulira, kobiriwira, kukula kwake ngati chitsekero cha botolo la fanta. Sanakapukute. Anakaika pachikhatho, n'kukapendeka kuti dzuwa likawombe cham'mbali.

"KG," anatero.

"Achikulire, KG ndiye chiyani?"

"King George. Wachiwiri, poti wayang'ana kumanzere."

Ndinakhumudwa pang'ono. Ndinati ine ndabwera kudzaona ndalama zakale za America, osati za Mngelezi. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndalama ya America ndi imeneyo. Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse kuti sankachita nthabwala, ndipo nkhani yonse ya ntchito imeneyi yagona pomwepo. Mabuku a osunga ndalama zakale amaonetsa zimene boma linasula. Dothi limaonetsa zimene zinali m'thumba la mlimi.

Madera a ku America pamene ankalamulidwa ndi Britain anali ndi vuto la chenje losatha. Mfumu sinkalola kuti atsamunda azisula ndalama zawo, komanso sinkawatumizira zokwanira. Malonda akuluakulu ankayendera siliva wa Spain wochokera ku Mexico ndi Peru, ngongole za m'kabuku, ndi ndalama zamapepala. Koma kugula buledi, kapu ya mowa, kapena kulipira woolotsa pamtsinje, pankafunika khobidi, ndipo anthu ankalandira chilichonse chamkuwa, chozungulira, cha msinkhu wa hafupeni ya ku England. Sankavutika n'kuwerenga zolembedwapo. Onsewo ankangowatcha coppers, monga mmene agogo athu ankangoti kobiri ponena peni ya chibowo pakati ija ya nthawi ya chitaganya.

N'chifukwa chake m'mabwinja amenewa mumatuluka mahafupeni a William III, George II ndi George III, makobidi a ku Ireland okhala ndi zeze kumbuyo, ndi makobidi osulidwa ndi William Wood kuyambira 1722 mpaka 1724 amene anthu a ku Ireland anawakana. Chaka cha 1749 chimapezeka kawirikawiri ku New England, dera la kumpoto chakum'mawa kwa America kumene kuli Connecticut ndi Massachusetts, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Asilikali a Massachusetts atathandiza kulanda linga la Afalansa la Louisbourg mu 1745, Britain inabweza zimene chigawocho chinaononga, ndipo mu 1749 sitima ya Mermaid inafika ku Boston ndi mabokosi a siliva komanso migolo 100 ya makobidi a mkuwa, ambiri a chaka chomwecho. Makobidi amenewo anayenda m'manja zaka makumi ambiri mpaka nkhope ya mfumu kufufutika.

Panali ena amene anayesa kusula awo. Samuel Higley wa ku Simsbury, ku Connecticut komweko, anali ndi mgodi wa mkuwa, ndipo kuyambira 1737 ankasula makobidi okhala ndi chithunzi cha gwape. Anthu atadandaula kuti sakufika mtengo wa mapeni atatu umene iye ankanena, anasintha mawu n'kulembapo kuti wolandira aliwerengere mtengo umene akufuna, koma mkuwawo ndi wabwino. Lero makobidi a Higley ndi osowa kwambiri, ndipo wokumba aliyense wa ku Connecticut amawalota, ngakhale ambiri adzafa asanaligwire.

Chimene chinasokoneza zinthu ndi makobidi abodza. Hafupeni yeniyeni ya mfumu inkalemera pafupifupi magalamu 10. Amisiri a ku Birmingham anaona kuti akasula yopepuka, ya magalamu 6 kapena 7, phindu ndi lawo, ndipo ankazitumiza ku America m'migolo ngati katundu wamba. Nzeru zawo zinali zoti ndalama yatsopano yowala imakayikitsa, choncho ankajoba chidindo mosazamitsa dala kuti khobidi lituluke likuoneka lakutha kale, ena n'kulidetsa ndi utsi ndi mafuta. Malo osulira ndalama a mfumu ku London anasula mahafupeni a ku England a George III kuyambira 1770 mpaka 1775 basi, kenaka anasiya kwa zaka zoposa 20, ndipo mpata umenewo anaudzaza ndi achinyengo. Wokumba wodziwa akaona hafupeni ya ku England ya George III ya chaka cha 1776, 1778 kapena 1787 amadziwiratu kuti si ya mfumu. Ndipo sakhumudwa, chifukwa ena mwa abodzawa anasulidwa ku America komweko, pamalo otchedwa Machin's Mills pafupi ndi Newburgh ku New York, ndipo osunga ndalama zakale amawafuna kuposa enieni. Mwini malowo, Thomas Machin, ndi amene pa nkhondo ya ufulu wa America anatchinga mtsinje wa Hudson ndi unyolo waukulu pa West Point mu 1778 kuti sitima za Angelezi zisadutse. Nkhondo itatha, ngwazi yomweyo inayamba kusula nkhope ya mfumu imene inkamenyana nayo, poti ndiyo nkhope imene anthu ankaikhulupirira pamsika.

Zaka zosangalatsa kwambiri kwa osaka ndi 1785 mpaka 1788. Ufulu unali utapezeka, koma boma lapakati linali lofooka, ndipo pangano la Articles of Confederation linkalola chigawo chilichonse kusula ndalama zake. Vermont, imene panthawiyo inali dziko lodziimira palokha (inalowa m'gulu la zigawo za America mu 1791), inapereka chilolezo kwa Reuben Harmon wa ku Rupert. Makobidi ake oyamba ndi okongola: dzuwa likutuluka kuseri kwa mapiri, pansi pali pulawo, kumbuyo mawu a Chilatini otanthauza nyenyezi ya nambala 14. Pasanapite nthawi anasiya chithunzi chimenecho n'kuikapo mutu wa munthu wofanana ndi George, pa chifukwa chomwe chija. Connecticut inachita chimodzimodzi kuyambira pachiyambi: mutu wovala nkhata ya masamba kutsogolo, mayi wokhala pansi kumbuyo, mawu okha ndi amene anasintha kukhala AUCTORI CONNEC ndi INDE ET LIB. Ankasulira ku New Haven, ndipo mmisiri wamkulu wa zidindo anali Abel Buell. New Jersey inasankha mutu wa hatchi pamwamba pa pulawo, kumbuyo chishango ndi mawu oti E PLURIBUS UNUM amene mpaka lero ali pa ndalama za America. Massachusetts yokha ndi imene inatsegula malo osulira a boma lenileni ku Boston mu 1787, n'kuikapo mbadwa ya dzikolo itagwira uta ndi muvi, kumbuyo chiwombankhanga chokhala ndi mawu oti CENT pachifuwa. Makobidi ake anali abwino, olemera mokwanira, ndipo boma linkaluza powasula, mpaka linatseka.

Boma lapakati nalo linayesa. Mu 1787 nyumba ya malamulo ya Congress inapereka kontirakiti kwa James Jarvis kuti asule matani 300 a makobidi. Limeneli ndi khobidi lotchedwa Fugio: dzuwa pamwamba pa chida choyezera nthawi ndi mthunzi, pansi mawu oti MIND YOUR BUSINESS, kumbuyo mphete 13 zolumikizana ndi mawu oti WE ARE ONE. Maganizo a chithunzicho anthu amati anachokera kwa Benjamin Franklin, mmodzi wa atsogoleri a ufulu wa America. Jarvis anapereka makobidi pafupifupi 400,000 okha, kachigawo kochepa ka zimene analonjeza, mkuwa wina wa boma anausula makobidi a Connecticut opepuka amene anali ndi phindu lalikulu, ndipo pomaliza anapita ku Ulaya. Nkhani za makontirakiti a boma sizinayambe lero.

Zonsezi zinathera m'chipwirikiti. Makobidi opepuka anachuluka mpaka amalonda anayamba kuwakana. Ku New York, kumene kale makobidi 14 ankakwana sheleni imodzi, pofika July 1789 akuluakulu a mzinda analangiza kuti azilandiridwa 48 pa sheleni, ndipo ena sankawafuna n'komwe. Amene anapsa nazo ndi osauka, ogulitsa ndiwo ndi buledi, amene chuma chawo chonse chinali makobidi. A New Jersey anapirira kwa kanthawi chifukwa lamulo la kumeneko linkawalandira pa msonkho, 15 pa sheleni, ndipo anthu ochenjera ankagula makobidi otchipa a Connecticut kapena a ku Ireland n'kuwadindanso hatchi pamwamba. Wokumba akapeza hatchi ya New Jersey imene pansi pake pakuonekera zilembo za khobidi lina, wagwira umboni wa chinyengo chimenecho m'manja.

Malamulo aakulu a dziko amene anayamba kugwira ntchito mu 1789 analetsa zigawo kusula ndalama. Lamulo la 2 April 1792 linakhazikitsa malo osulira ku Philadelphia, mkulu wake woyamba David Rittenhouse. Senti yoyamba ya anthu onse inatuluka mu March 1793, yolemera magalamu 13.48, kumbuyo kwake unyolo wa mphete 15 kuimira zigawo 15. Anasula 36,103 zokha. Anthu anati unyolo pa ndalama ya dziko laufulu ndi malodza, ndipo mayi wa kutsogoloyo tsitsi lake lili nyankhalala ngati wadzidzimuka, choncho chaka chisanathe chithunzi chinasinthidwa kawiri. Mkuwa utakwera mtengo, kulemera kunatsitsidwa kufika magalamu 10.89 kumapeto kwa 1795, n'kukhala choncho mpaka mapeto. Masenti akuluakulu amenewa, amene okumba amangoti largie, alipo a chaka chilichonse kupatula chimodzi: palibe senti ya 1815, chifukwa zibenthu zosadinda zinkachokera ku kampani ya Boulton ku Birmingham ndipo nkhondo ya 1812 ya pakati pa America ndi Britain inadula njira. Za 1799 ndi 1804 ndizo zosowa. Lamulo la February 1857 linathetsa senti yaikulu ndi hafusenti, n'kubweretsa kasenti kakang'ono, komanso linachotsa mphamvu ya lamulo pa ndalama zakunja. Koma kwa zaka zambiri 1793 itadutsa, Philadelphia sinkatha kusula zokwanira dziko lonse, ndipo kumidzi George wakutha uja ankayendabe limodzi ndi masenti atsopano m'thumba limodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani ndalamazi zili m'nkhalango? Chifukwa nkhalangoyo inali minda. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 mbali yaikulu ya kum'mwera kwa New England inali yolambulidwa, mitengo itagwetsedwa, mapiri ali mbee nkhosa za merino zimene William Jarvis ndi ena anabweretsa kuchokera ku Spain cha m'ma 1810. Miyala imene chisanu chinkatutumulira pamwamba chaka ndi chaka ndi imene alimi ankaunjika kukhala mipanda ija. Kenaka ngalande ya Erie inatsegulidwa mu 1825, tirigu wotchipa wa kumadzulo anayamba kufika, anyamata anasamukira ku Ohio kumene pulawo silikhumudwa pa mwala, atsikana anapita kumafakitale a nsalu ku Lowell ndi matauni ena. Minda ya m'mapiri inasiyidwa umodziumodzi, paini n'kumera. Ubwino wake kwa wosaka ngwakuti pabwinja losiyidwa mu 1840 palibe zitini za mowa kapena zitsekero za masiku ano. Chilichonse chimene makina alirira ndi cha anthu akalewo.

Kupeza bwinja ndiye theka la ntchito, ndipo kumachitikira patebulo, usiku. Pali mapu a m'ma 1850 ndi mabuku a mapu a F. W. Beers a m'ma 1860 ndi 1870 amene analemba nyumba iliyonse ndi dzina la mwini wake. Mdala wanga amawakonda, koma amati bwinja labwino ndi limene pamapupo palibe, chifukwa ndiye kuti linali litasiyidwa kale mapu asanajambulidwe, ndipo osaka anzake sanalipeze. Masiku ano pali LiDAR, zithunzi zojambulidwa pandege ndi kuwala kwa laser kumene kumadutsa m'mipata ya mitengo n'kuonetsa nthaka yokha. Pa kompyuta mipanda imaoneka ngati mizere, misewu yakale ngati timikwasa, dzenje la nyumba ngati kadontho kakuda ka ngodya zinayi. Ukafika pamalopo umayang'ananso zimene anthu anabzala: mtengo wa maapozi wokalamba, maluwa a lilac pamene panali khomo. Ndipo umayenda mosamala, chifukwa zitsime zina n'zosatseka, zangophimbika ndi masamba.

Makinawo anthu ambiri kwathu amawadziwira kwa ofufuza golide kapena kwa ochotsa mabomba okwirira ku Mozambique, ndipo mfundo yake ndi imodzi. M'mbale ya kumapeto kwa ndodo muli makoilo awiri a waya. Yoyamba imalandira magetsi osinthasintha mbali kambirimbiri, maulendo masauzande angapo pa sekondi, ndipo imatulutsa mphamvu ya maginito yolowa m'dothi. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo chilichonse imadzutsa timagetsi tozungulira m'kati mwa chitsulocho, ndipo timagetsi timeneto timatulutsa maginito akeake ofooka. Koilo yachiwiri inaikidwa mwanjira yoti isamve inzakeyo, izingomva yankho lochokera pansi. Alexander Graham Bell anayesa chida cha mtundu umenewu mu 1881 pofuna chipolopolo m'thupi la pulezidenti James Garfield, osachipeza. Gerhard Fisher anapeza patenti ya makina onyamula m'manja m'ma 1930, ndipo lero mayina a makampani opanga makinawa amene umamva m'tchire ndi Minelab, XP, Garrett ndi Nokta.

Chinsinsi chili pa kuchedwa kwa yankholo. Chitsulo chimene magetsi amayendamo mosavuta, komanso chachikulu ndi chochindikala, chimayankha mochedwerapo poyerekeza ndi mafunde amene anatumizidwa. Makina amayeza kuchedwa kumeneko n'kukusandutsa nambala pa sikirini ndi kamvekedwe m'mahedifoni. Mkuwa ndi siliva zimalira mokweza, tswii, chitsulo wamba cha dzimbiri chimang'ung'udza pansipansi. Koma nambalayo si dzina la chinthu. Senti yaikulu yochindikala imapereka nambala yapamwamba, pamene hafupeni yabodza, yopyapyala, yosakaniza ndi zitsulo zina, imatsika mpaka kukafanana ndi batani. Khobidi logona chamimba limamveka bwino, loima cham'mbali limangonong'ona. Munthu amene amakumba manambala apamwamba okha amasiya m'dothi ndendende makobidi amene ali ndi nkhani yaikulu.

Mdani wamkulu pabwinja ndi msomali. Nyumba ikawola kapena kupsa, misomali yosula pamanja mazanamazana imamwazika pamalo onse. Makina akadutsa pa msomali ndi khobidi zogundizana, amamva msomali, khobidi n'kubisika. Msomali wopindika umathanso kunama n'kulira ngati mkuwa mbali imodzi. N'chifukwa chake odziwa amavula mbale yaikulu n'kuika yaing'ono, amachuna makina kuti azichira msanga akachoka pa chinthu china kupita pa china, amayenda pang'onopang'ono, ndipo akamva kanthu amakazungulira n'kukamvetsera kuchokera mbali zonse. Chikalira bwino mbali zonse, kumbani. Palinso dothi lenilenilo, limene likakhala ndi miyala ya chitsulo limayankha nalo, choncho usanayambe umakweza ndi kutsitsa mbale pamalo opanda kanthu kuti makina aphunzire dothi la pamalopo n'kuleka kulimvera. M'dothi lofiira la ku Culpeper ku Virginia vutoli n'lalikulu moti ambiri amagwiritsa makina a mtundu wina, otumiza magetsi modukizadukiza. Kuya kwake si kwakukulu monga anthu amaganizira: makobidi ambiri amatuluka pakati pa masentimita 10 ndi 30.

Pamene anthu ambiri atsopano amalira ndi pa mphindi zisanu zoyamba khobidi litatuluka. Siliva akhoza kugona m'dothi zaka 250 n'kutuluka ali waliwali. Mkuwa sutero. Umadyana ndi mpweya, madzi ndi mchere wa m'dothi, pamwamba pake n'kusanduka chikhungwa, chapansi chofiirira, chapamwamba chobiriwira. Chovuta kumvetsa n'chakuti nthawi zambiri chithunzi ndi chaka sizikhalanso pa mkuwa. Zili pa chikhungwacho. Mkuwa wa pansi pake unadyeka, uli zibowozibowo ngati nkhope ya nthomba. Ukachotsa zobiriwirazo wachotsa ndalama.

Ine ndinaphunzira ndi langa loyamba. Ndinalipeza m'munda wa chimanga wokolola, ndikuona bwinobwino mutu wa mayi ndi manambala awiri a chaka. Ndinafika kunyumba mtima uli m'mwamba, n'kulitsuka pampopi ndi mswachi. Madzi anatuluka obiriwira. Pouma linali lofiirira, losalala ngati chikhatho, mayi uja atapita ndi madzi m'paipi. Nditakamuonetsa mdala uja anangoti, "Mwana wanga, walisambitsa maliro." Iye amaliika m'kabokosi ka thonje likadali ndi dothi lake, kunyumba n'kulisiya liume pang'onopang'ono, kenaka n'kumachotsa dothi ndi kamtengo kotokosera m'mano, pang'ono lero, pang'ono mawa, kusiya dothi lina m'mipata ya zilembo kuti zizioneka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza amapakapo phula lopyapyala. Viniga, mandimu ndi mankhwala opukutira zitsulo amaziletseratu. Za mafuta a olivi ndi hydrogen peroxide okumba amakangana mpaka lero, ndipo ine ndili kumbali ya amene amati chimene sungathe kuchibweza usachichite.

Mmene khobidi lisungikire zimadalira pamene linagona. Dothi la mchenga lotaya madzi msanga limatulutsa makobidi obiriwira bwino, osalala, chilembo chilichonse chikuwerengeka. Munda umene wakhala ukuthiridwa feteleza zaka 60, khola lakale la ng'ombe, kapena pansi pa mitengo ya paini pamene dothi lili ndi asidi, zimatulutsa zimene okumba amati toasted, zopserera. Masenti a 1808 mpaka 1814 ali ndi mbiri yoipa pa zimenezi, mkuwa wake unali wofewa ndipo umadyeka msanga. Palinso nthenda ina yoyamba ndi mchere wa chloride: kaufa kobiriwira mowala kamene kamatuluka khobidi lili kale m'kabati, n'kumalidya mpaka kuliboola ngati likhala pachinyezi.

Lopserera nalo limatha kuyankhula ukalifunsa bwino. Umazimitsa magetsi m'chipinda n'kuliwalitsa ndi tochi cham'mbali, mithunzi n'kutulutsa zimene masana sizioneka. Mutu woyang'ana kumanzere ndi George II, kumanja ndi George III kapena William III. Kachidutswa ka chishango ndi New Jersey. Timizere ta mphete ndi Fugio. Sikelo ya magalamu ndi choyezera mamilimita zimathandiza kusiyanitsa leni ndi labodza. Ndipo poti zidindo za nthawiyo ankazijoba pamanja chimodzichimodzi, palibe ziwiri zofanana, moti akatswiri anaziwerenga n'kuzipatsa manambala: Edward Maris za New Jersey mu 1881, Henry Miller za Connecticut, zimene zilipo mitundu yoposa 300, William Sheldon masenti a 1793 mpaka 1814. Kumene kwaloza tsamba la nkhata, kapena mpata wa pakati pa zilembo ziwiri, zikhoza kusiyanitsa khobidi wamba ndi limene padziko lonse alipo owerengeka. Magulu a Early American Coppers ndi Colonial Coin Collectors Club ndi kumene anthu amatumiza zithunzi zikawakanika.

Za ndalama tisanamizane. Makampani oyeza makobidi monga PCGS ndi NGC akalandira lokumbidwa amalemba kuti linaonongeka ndi dothi, ndipo mtengo umagwa kwambiri poyerekeza ndi limene linasungidwa m'bokosi. George wakutha kapena senti ya m'ma 1840 yokumba sigula n'komwe petulo wa ulendowo. Zimachitika kuti wina wakumba senti ya unyolo ya 1793, n'zoona, monga zimachitikira kuti wina wawina lotale.

Mtengo weniweni uli pa malo, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ambiri a makina. Khobidi limene latuluka pafupi ndi mwala wapakhomo, pamodzi ndi kandalama ka siliva ka Spain, chomangira nsapato ndi mabatani, limauza munthu kuti nyumbayo inalipo liti, eni ake ankagula ndi chiyani, ndi kuti makobidi a Vermont ankafika kutali bwanji. Likangolowa m'chitini pamodzi ndi ena 200 opanda chizindikiro, zonsezo zafa. Akatswiri ofukula zakale akamakwiya ndi anthu a makina, chimene amalira n'chimenechi, ndipo sakulakwa. Ku England ndi Wales kuli Portable Antiquities Scheme, imene inayamba mu 1997, kumene wopeza amakalembetsa chinthu ndi malo ake koma kawirikawiri n'kukhala nachobe. America ilibe dongosolo lotere la dziko lonse. Ili ndi zoletsa: lamulo la ARPA la 1979 limateteza zinthu zakale zoposa zaka 100 pa malo a boma lapakati ndi a mafuko a mbadwa, m'mapaki a National Park Service kugwiritsa makina n'koletsedwa, ndipo malo a zigawo ndi matauni ali ndi malamulo awoawo. Pamalo a munthu, chofunika ndi chilolezo cha mwini, ndipo zotuluka pansi ndi zake pokhapokha mutagwirizana zina. N'chifukwa chake luso lina la ntchitoyi ndi kugogoda pakhomo la mlendo, chipewa m'manja, ndi kukwirira dzenje lililonse moti mwini udzu asazindikire pamene unakumba.

Kuti mbali ziwirizi zikhoza kugwirizana zinaoneka kale. Pa bwalo la Little Bighorn, pamene kale asilikali a America anamenyana ndi mafuko a mbadwa, mu 1984, moto utatentha udzu chaka chapitacho, katswiri Douglas Scott anaitana anthu a makina, chipolopolo chilichonse n'kulembedwa pamene chinagona, ndipo mapu amene anatuluka anasintha kamvedwe ka nkhondoyo. Ku Montpelier, kwawo kwa pulezidenti wakale James Madison ku Virginia, anthu a makina amagwira ntchito limodzi ndi ofukula zakale pofufuza pamene panali nyumba za akapolo. Ndipo mu 2014 munthu wina wa makina anapeza kandalama ka siliva ka Chiarabu ka m'ma 1690 m'munda wa zipatso ku Middletown, Rhode Island. Tina tofanana tinapezekanso m'madera ena a New England, ndipo poti opeza ananena malo, panabuka mfundo yoti tinabwera ndi anthu a Henry Every, wachifwamba wa panyanja amene analanda sitima ya mfumu ya India mu 1695. Akanangotiponya m'zitini, bwenzi palibe amene analumikiza.

Mdala wanga sadziwa kugwiritsa GPS ya pafoni, koma ali ndi makope asukulu asanu ndi awiri. Khobidi lililonse lili m'kaenvulopu kake, pamwamba nambala, ndipo nambala yomweyo ili m'kope pamodzi ndi tsiku, dzina la msewu wakale, kuya kwake, ndi kachithunzi ka bwinja kojambula ndi pensulo, mtanda pamene anakumba. George wa tsiku lija ndi nambala 412. Atauma, tochi inaonetsa 174, nambala yomaliza inadyeka. Mwini malo tinakamuonetsa, analitembenuza kawiri n'kutibwezera, n'kutiuza kuti kuseri kwa dambo kuli dzenje lina limene agogo ake ankawaletsa kuseweramo. Pa mapu a 1850 dzenje limenelo palibe. Tikudikira chisanu chisungunuke mu April.